Lizi itatsala pang'ono kutsika pa zaka 80: lipoti la nkhani ya fulati ya ku Reading

Mayi amene nkhaniyi ikuwakhudza anabwera ku ofesi yathu pakati pa mwezi wa Malichi 2023 atangoweruka ntchito ya usiku, yunifolomu ikadali m'kati mwa jekete. Ananyamula jumbo yodzaza mapepala, ndipo chimene ankafuna chinali chaching'ono m'maganizo mwawo: ndiwawerengere kalata imene ejenti wa mwini nthaka anawatumizira yokhudza kuwonjezera zaka za lizi ya fulati yawo, kenako ndiwauze ngati asayine kapena ayi. Ine ndine loya wa za nyumba ndi malo kuno ku England. Nkhaniyi ndailemba iwo atandilola. Mayina ndachotsa onse, ndipo ndalama ndazisalaza kuti tisavutike ndi timapeni.

Mayiwa ndi namwino. Anachoka ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene anamwino ambiri akwathu ankalembedwa ntchito m'zipatala zaboma za kuno, za NHS. Mu 2012 iwo ndi amuna awo anagula fulati ya zipinda zogona ziwiri ku Reading, pa ngongole ya kubanki, mayina onse awiri ali pa mapepala. Lizi yake inali ya zaka 99 kuyambira pa 24 Juni 2004. Pogula, loya wa nthawi imeneyo anawauza kuti kwatsala zaka 91, iwo n'kuti zaka 91 n'zambiri, ife tidzakhala titapita kale. Sananame. Koma mtengo wa fulati suyembekezera kuti mwini wake amwalire, umayamba kutsika iye akadali moyo, ndipo ana ndi amene amadzalandira chotsalacho.

Kuno ku England ndi ku Wales pafupifupi fulati iliyonse imagulidwa pa lizi. Chimene mwagula ndi ufulu wokhalamo kwa zaka zowerengeka, pamene nthaka ndi chimango cha nyumba yonse ndi za munthu wina, amene kuno amamutcha freeholder. Ife timaidziwa lizi ya zaka 99 ya malo aboma kwathu, ndipo ambiri timaiona ngati umwini basi, poti nyumbayo tinamanga tokha ndipo boma silibwera kudzawerenga zaka pakhomo. Kuno mwini nthaka nthawi zambiri ndi kampani imene inagula malowo kuti ipange phindu, ndipo chaka chilichonse chimene chachoka pa lizi yanu chalowa m'thumba mwake.

Chimene chinawadzutsa ndi banki. Chiwongoladzanja chokhazikika cha ngongole yawo chinkatha mu Ogasiti 2023, ndipo nthawi imeneyo banki yaikulu ya dziko lino, Bank of England, inali ikukweza chiwongoladzanja pafupipafupi. Pa 23 Malichi chinafika pa 4.25 peresenti. Atapita kwa munthu wowafunira ngongole yabwinoko, iye anaona zinthu ziwiri zimene mabanki ena sankazifuna: zaka zotsala pa lizi zikuyandikira 80, komanso lendi ya nthaka, imene kuno amati ground rent. Lendiyo inali £150 pa chaka, koma lizi inkati iziwirikiza kawiri pa zaka 25 zilizonse: £300 mu 2029, £600 mu 2054, £1,200 mu 2079. Vuto silinali kukula kwa ndalamayo kokha. Malinga ndi Housing Act 1988 mmene linalili nthawi imeneyo, lendi ya nthaka ikapitirira £250 pa chaka kunja kwa London, kapena £1,000 mu London, lizi yaitali inkatha kuwerengedwa ngati ya munthu wochita lendi wamba, moti mwini nthaka akanatha kupempha khothi kuti limutulutse munthu chifukwa cha ngongole ya lendi. Banki imene yakongoza mapaundi zikwizikwi pa fulati siifuna kumva zimenezo.

Kalata ya ejenti

Mu Okutobala 2022 mayiwa anaimbira foni ejenti amene amatolera lendi, kufunsa za kuwonjezera lizi. Anawauza kuti alipire kaye £600 kuti awawerengere mtengo. Analipira. Kalata inabwera mu Disembala: lizi ikwezedwa kufika pa zaka 125, mtengo wake £7,500, zina zonse zikhala mmene zilili. Anavomera pa foni, n'kuuzidwa kuti mapepala akubwera. Januwale anadutsa, Febuluwale anadutsa. Akaimba ankati munthu wake ali pa tchuthi, akaimbanso ankati fayilo ili kwa maloya. Chimene chinabwera mu Malichi si mapepala a lizi, koma kalata ina yoti asayine kuvomereza mtengo womwe uja, yokhala ndi kachiganizo kakang'ono m'munsi koti mtengowo ukhoza kuunikidwanso.

Nditawerenga, ndinatenga kalendala ya pa desiki n'kuwasonyeza tsiku la 24 Juni. Ndinati, “Mayi, pofika tsiku ili lizi yanu sidzakhalanso ndi zaka zopitirira 80. Kwatsala miyezi itatu ndi masiku ochepa. Zokambirana zonse mwachita ndi anthu awa kuyambira Okutobala sizinaimitse wotchi ngakhale tsiku limodzi.”

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, “Achimwene, ndiye kuti amandichedwetsa dala?”

Sindinganene kuti ankachita dala, chifukwa mumtima mwa munthu sindinalowemo, ndipo maofesi a maejenti ambiri ndi aulesi chabe. Chimene ndinawauza n'chakuti kuchedwako kunali kopindulira mbali imodzi yokha, ndipo mbali imeneyo sinali yawo.

Pali njira ziwiri zowonjezerera lizi ya fulati. Ina ndi yongogwirizana ndi mwini nthaka, imene mayiwa anayamba. M'njira imeneyi iye akhoza kutchula mtengo uliwonse, kusintha maganizo nthawi iliyonse, kapena kungokhala chete. Ina ndi ya lamulo la Leasehold Reform, Housing and Urban Development Act 1993. Lamulo limeneli limapatsa mwini lizi ufulu wowonjezera zaka 90 pamwamba pa zimene zatsala, ndipo lendi ya nthaka imatsika kufika pa chimene Angelezi amati peppercorn, kanjere kamodzi ka tsabola pa chaka, kutanthauza kuti palibe cholipira. Mwini nthaka sangakane ngati munthuyo akuyenera. Chachikulu kwa ife chinali chakuti mtengo umawerengedwa potengera tsiku limene notisi, kalata yodziwitsa mwini nthaka kuti mukugwiritsa ntchito ufulu umenewu, yaperekedwa. Notisi ikangofika m'manja mwa mwini nthaka, zaka zimaima pomwepo, ngakhale nkhaniyo itatenga chaka kuti ithe.

Mawerengedwe a saveya

Sabata yomweyo tinapeza saveya, katswiri wowerengera mitengo ya nyumba, wodziwa za malizi, wolembetsedwa ku RICS, bungwe la masaveya. Apa ndifotokoze mwatsatanetsatane, chifukwa anthu ambiri amaona ngati mtengo wowonjezerera lizi umangotchulidwa ngati wa mbuzi pa msika.

Saveya anapeza kuti fulatiyo, itakhala ndi lizi yaitali, ingagulidwe pa £240,000. Mwini nthaka akawonjezera zaka amataya zinthu ziwiri. Choyamba ndi lendi imene akanalandira kwa zaka 80 zikubwerazo. Ndalama ya mtsogolo siilingana ndi ya lero, ndiye imachotseredwa chaka ndi chaka. Saveya wathu anagwiritsa ntchito 6 peresenti, ndipo lendi yonse ija, kuphatikiza kuwirikiza kwake, inakwana pafupifupi £5,300 ya lero. Chachiwiri ndi fulati yeniyeniyo, imene ikanabwerera kwa iye mu 2103 koma tsopano adzaidikira mpaka 2193. Pano pali muyeso umene bwalo linakhazikitsa pa mlandu wa Earl Cadogan ndi Sportelli, umene khothi la apilo, Court of Appeal, linavomereza mu 2007: 5 peresenti pa mafulati, 4.75 peresenti pa nyumba zoima pazokha. Pa 5 peresenti, chinthu chimene mudzalandire patapita zaka 80 chili ndi mtengo wa pafupifupi 2 pa 100 aliyonse lero. Zinatuluka £4,800. Pamodzi, £10,100.

Chinthu chachitatu chimalowa pokhapokha lizi ikatsala ndi zaka 80 kapena kucheperapo, ndipo dzina lake ndi marriage value. Fulati ya lizi yaifupi imagulidwa motsika. Ikawonjezeredwa zaka, mtengo wake umadumpha kuposa zimene mwini nthaka wataya. Kudumpha kumeneko lamulo limati ndi phindu lobadwa chifukwa gawo la mwini lizi ndi la mwini nthaka akumana, ndipo agawane pakati. Kuyambira pa lamulo la 2002 la Commonhold and Leasehold Reform Act, lizi ikakhala ndi zaka zopitirira 80 phindu limeneli limawerengedwa ngati palibe. Saveya anati tikaphonya tsikulo, mbali inayo idzanena kuti lizi yaifupiyo ili ndi mtengo wa pafupifupi 92 peresenti ya £240,000 ija, ndipo theka la phindulo lidzakhala cha m'ma £4,600. Ndiye kuti £10,100 ikanasanduka £14,700, kusiyana kwake kuli tsiku limodzi lokha la pa kalendala. Ndipo ndalama imeneyi siima. Chaka chilichonse imakula, komanso ndi pamene masaveya amakangana kwambiri, makamaka chigamulidwire mlandu wa Mundy ndi Sloane Stanley Estate mu 2018, umene unakomera eni nthaka.

Mayiwa anafunsa funso limene aliyense akanafunsa: nanga £7,500 si yochepa kuposa £10,100? Ndinawalembera pa pepala. Mu £10,100 muja, yoposa theka ndi yogulira lendi ya nthaka kuti ifafanizike mpaka kalekale. Kalata ya ejenti inkasiya lendiyo mmene inalili. Lamulo la Leasehold Reform (Ground Rent) Act 2022, limene linayamba pa 30 Juni 2022, limaletsa lendi pa zaka zatsopano zowonjezeredwazo, koma limalola kuti lendi yakale ipitirire mpaka zaka zakalezo zithe. Choncho akanalipira £7,500 pogula zaka 45 zokha, zimene saveya anati mtengo wake weniweni ndi cha m'ma £4,300, kenako iwo ndi odzawalowa m'malo n'kupitiriza kupereka lendi yokwana £52,200 yonse pamodzi pofika 2103. Vuto la £250 limene banki inkaopa likanakhalabe pomwepo. Anapinda kalata ya ejenti ija n'kuibwezera mu jumbo, osanenanso kanthu.

Bambo ali ku Blantyre

Nthawi imeneyo lamulo linkafuna kuti munthu akhale mwini lizi wolembetsedwa kwa zaka ziwiri asanapereke notisi. Apa panalibe vuto. Vuto linali lakuti fulati ili m'mayina a anthu awiri, ndipo notisi iyenera kuchokera kwa onse awiri. Bambo a kunyumba anali ku Blantyre kuyambira Januwale, kuyang'anira nyumba imene banjali likumanga. Sabata imene mayiwa anabwera kwa ine ndi imene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Bambowa anapulumuka, koma achibale awo anataya nyumba, ndipo masiku amenewo anali a maliro, kusaka anthu ndi kusamutsa ana. Magetsi kunalibe, foni inkagwira mwa apo ndi apo.

Ndinavutika mumtima kuti munthu ali m'zimenezi ndimuyambe bwanji nkhani ya lizi ya ku Reading. Ndinauza mayiwa kuti tidikire masabata awiri, osapitirira apo. Kuyambira mu 2014 lamulo limalola kuti kuno ku England loya asayine notisi m'malo mwa mwini lizi, koma ayenera kukhala ndi chilolezo chenicheni, ndipo ife sitingagwirire ntchito munthu amene sitinatsimikize kuti ndi iyeyo. Kumayambiriro kwa Epulo ndinalankhula nawo pa WhatsApp. Ndinayamba ndi kupepesa maliro, ndipo tinatha mphindi khumi tisanafike pa nkhani ya fulati. Titafikapo anati, “A loya, ndalama imene mukunenayo ndi ya denga la nyumba kuno. Malata tagula kale theka. Zaka 80 sizikutikwanira?”

Funsoli silinali lopusa, ndipo ndimalimva kawirikawiri kwa akwathu. Mtima wa munthu uli pa nyumba ya kumudzi, fulati ya kuno amaiona ngati pogonera pa ulendo. Ndinawayankha kuti tsiku limene adzafune kubwerera kwawo kotheratu, fulati imeneyi ndi imene adzagulitse, ndipo wodzaigula adzabwera ndi banki yake imene idzawerenga zaka zomwezi. Akapanda kulipira £10,000 lero adzachotseredwa yoposa pamenepo pa mtengo wogulitsira. Anati aganize. Patapita masiku atatu anaimba okha. Anapita kwa loya wa ku Blantyre wokhala ndi mphamvu yotsimikizira zikalata, anasayina kalata yondipatsa chilolezo pa 28 Epulo, ndipo inatumizidwa pa ndege pamodzi ndi kope lotsimikizidwa la pasipoti. Kalata imeneyi inadzakhala yofunika kuposa mmene ndinkaganizira.

Notisi

Notisi ya gawo 42 la lamulo la 1993 lija ndi pepala lalifupi, koma likalakwika nkhani yonse imagwa. Imatchula eni lizi, fulati, tsiku ndi zaka za lizi, mtengo umene mukupereka, ndi tsiku limene mwini nthaka ayenera kuyankha, losachepera miyezi iwiri kuchokera pamene wailandira. Mtengowo uyenera kukhala woona. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pa mlandu wa Cadogan ndi Morris, munthu analemba £100 pa fulati ya mtengo wapatali, ndipo khothi linati notisi yakeyo ndi yopanda ntchito. Ife tinalemba £8,200, ndalama imene saveya anati akhoza kuiikira kumbuyo pa bwalo.

Tisanatumize tinafufuza ku HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo, ndipo tinapeza kuti kampani yolembedwa mu lizi inagulitsa nthakayo kalekale kwa kampani ina. Mayiwa sankadziwa, chifukwa ejenti wotolera lendi sanasinthe. Tikanatumiza notisi kwa ejenti, kapena kwa kampani yakale, bwenzi titataya masabata amene tinalibe. Adiresi ya kampani yatsopano tinaitsimikiza ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani.

Panali chinanso chimene ndinachiona mochedwa, ndipo ndichilembe poyera. Liziyo inali ya mbali zitatu: mwini nthaka, mwini lizi, ndi kampani yosamalira nyumba yonse. Lamulo limafuna kuti mbali yachitatu yoteroyo ilandirenso notisi. Ndinazindikira zimenezi powerenga lizi kachiwiri usiku woti mawa lake titumiza, chifukwa dzina la kampaniyo linali pa tsamba loyamba m'zilembo zofanana ndi zina zonse, ndipo poyamba ndinathamangira ku zaka ndi lendi. Kuyambira pamenepo lizi iliyonse ndimaiwerenga kuyambira pa mayina a mbali zake ndisanaone china chilichonse.

Pa 9 Meyi 2023 munthu wopereka zikalata za milandu anakapereka notisi pamanja ku maofesi onse awiri, n'kubwera ndi umboni wa tsiku ndi ola. Kunali kutatsala masiku 46. Tinalembetsanso notisiyo ku Land Registry kuti nthaka ikagulitsidwanso nkhani ili m'kati, wogulayo amangidwe nayo. Ndinawaimbira mayiwa ali pa nthawi yopuma ku wodi. Anangoti, “Zikomo Ambuye,” kenako anafunsa ngati tsopano angagone.

Yankho la mwini nthaka

Maloya a mbali inayo anapempha dipoziti, imene lamulo limati ndi 10 peresenti ya mtengo wa mu notisi kapena £250, kutengera imene yakula. Tinalipira £820 m'masiku 14 amene lamulo limapereka. Saveya wawo anabwera kudzaona fulati.

Kumapeto kwa Juni, tsiku la zaka 80 litangodutsa, kunabwera kalata yofunsa umboni woti ndinali ndi chilolezo chosayinira bambo aja pa tsiku limene notisi inaperekedwa. Anali atamva kwa saveya wawo kuti bambowo ali kunja kwa dziko. Cholinga chake chinali choonekeratu. Notisi ikanapezeka yolakwika, tikanayenera kupereka ina, ndipo yatsopanoyo ikanawerengedwa pa lizi ya zaka 79 ndi miyezi 11. Ndinatumiza kope la kalata ya pa 28 Epulo ija, chidindo cha ku Blantyre chikuoneka bwinobwino. Sanaitchulenso nkhaniyo.

Pa 12 Julayi yankho lawo la gawo 45 linafika. Anavomera kuti mayi ndi bambo ali ndi ufulu wowonjezera lizi, koma mtengo anati £13,500. Masaveya awiriwo anayamba kukambirana, ndipo mkangano unali pa zinthu ziwiri. Wawo ankati fulati ndi ya £260,000, ndipo lendi iwerengedwe pa 5 peresenti, poti lendi yowirikiza ndi yokoma kwa ogula malo. Peresenti ikatsika, ndalama yolipira imakwera. Pa mtengo wa fulati tinali ndi poimira. Lamulo limati zimene mwini lizi wakonza ndi ndalama zake n'kukweza mtengo wa fulati zisawerengedwe, kuti asalipire kawiri. Banjali linapeza fulatiyo ili ndi zotenthetsera zamagetsi zakale, ndipo mu 2015 linaikitsa zotenthetsera za gasi m'zipinda zonse. Nditafunsa za malisiti, mayiwa anabwera ndi chitini cha mabisiketi mmene munali makalata obadwira a ana, makadi a katemera, ndi malisiti a ntchitoyo atapindidwa kanayi, inki itayamba kufufuma. Munalinso kalata ya chilolezo imene mwini nthaka wakale anawapatsa. Saveya wathu anaseka ndi chimwemwe ataiona.

Zokambirana zinayenda pang'onopang'ono, ndipo apa pali msampha wachiwiri umene wagwetsa anthu ambiri. Mbali ziwirizi zikapanda kugwirizana, mmodzi ayenera kukasuma ku First-tier Tribunal, bwalo loweruza mikangano yotere, patapita miyezi iwiri kuchokera pa yankho la mwini nthaka, koma miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Tsikulo likadutsa, lamulo limaona ngati mwini lizi waibweza notisi yake yekha. Amalipira zimene mbali inayo yawononga, ndipo sangaperekenso notisi ina mpaka patatha miyezi 12. Kwa mayiwa zimenezi zikanatanthauza kubwerera pa lizi ya zaka 78 ndi marriage value yake. Tsiku lathu lomaliza linali 11 Januwale 2024. Mu Novembala saveya wa mbali inayo anayamba kuyankha mochedwa, akumati tatsala pang'ono kugwirizana, palibe chifukwa chovutitsira bwalo. Sindinadikire. Tinakasuma kumayambiriro kwa Disembala, tinalipira £100. Bwalo litatumiza ndondomeko ya masiku operekera umboni, foni inayamba kulira yokha. Mu Febuluwale anagwirizana pa £10,900, osafika pomva mlandu.

Saveya wathu ankakhulupirira kuti pa bwalo tikanatsika kufika pa £10,300 kapena cha pamenepo. Ndinalangiza mayiwa kuti avomere £10,900, chifukwa pa bwalo limeneli aliyense amalipira akatswiri ake, ndipo tsiku limodzi la saveya kumeneko likanadya kuposa £600 imene tinkalimbirana.

Lizi yatsopano ndi ndalama zonse

Mtengo ukagwirizanidwa nkhani sinathe. Maloya a mwini nthaka amalemba lizi yatsopano, ndipo lamulo limati ikhale ndi mfundo zofanana ndi yakale, kupatula zaka, lendi, ndi zosintha zochepa zimene gawo 57 limalola. M'pepala limene anatumiza munalowa mfundo yatsopano yoti mwini fulati akafuna kuikamo munthu wa lendi azipempha chilolezo ndi kulipira. Mu lizi yakale munalibe zimenezo, ndipo kwa banja limene likuganiza zodzakhala miyezi ina ku Malawi mfundo imeneyi ikanawapweteka chaka ndi chaka. Tinaifafaniza, ndipo sanalimbane nafe. Palinso nthawi yake apa: miyezi iwiri yoti zonse zisayinidwe, ndipo zikapanda kutheka, miyezi ina iwiri yokapempha khothi la County Court kuti lilamule. Tinamaliza mu Epulo 2024, m'kati mwa miyezi iwiri yoyambayo.

Mwini lizi amalipiranso ndalama zoyenera zimene mwini nthaka wawononga pa loya ndi saveya, malinga ndi gawo 60, koma osati za ku bwalo. Anatumiza bilu ya £3,400. Titapempha kuti aiphwanye ola ndi ola, tinapeza kuti aikamo nthawi yokambirana mtengo ndi yokonzekera bwalo. Inatsika kufika pa £2,500. Kuphatikiza £10,900, £1,800 ya ofesi yathu, £1,200 ya saveya, ndi timalipiro ta ku bwalo ndi ku Land Registry, banjali linawononga pafupifupi £16,600. £600 ya ejenti ija sinabwerere. Gawo la ndalamayi linachokera ku chipereganyu cha anamwino anzawo, amene anavomera kuti mayiwa alandire mwezi umene sunali wawo, ndipo denga la ku Blantyre linadikira nyengo ina ya mvula.

Banki sitinafunike kuipempha chilolezo, chifukwa pa njira ya lamuloyi ngongole imasamukira yokha pa lizi yatsopano. M'miyezi imene nkhani inali m'kati, mayiwa anangotenga mgwirizano wa zaka ziwiri ku banki yawo yomweyo. Kulembetsa lizi yatsopano ku Land Registry kunatenga miyezi yambiri, monga zimakhalira ndi malizi atsopano.

Patangotha mwezi umodzi, pa 24 Meyi 2024, lamulo la Leasehold and Freehold Reform Act 2024 linavomerezedwa. Linalonjeza zaka 990 m'malo mwa 90, ndi kuthetsa marriage value. Mayiwa anaona nkhaniyi pa foni ndipo anandiimbira madzulo omwewo, mawu ali pansi: “Achimwene, kodi sitinapupulume?”

Ndinawauza mmene ndikuonera, ndipo maganizo anga sanasinthe. Lamulo kuvomerezedwa ndi kuyamba kugwira ntchito ndi zinthu ziwiri. Mbali yochotsa zaka ziwiri zodikira inayamba pa 31 Januwale 2025, koma mbali ya mawerengedwe a mtengo inasiyidwa kuti boma lidzakhazikitse kaye mapesenti ogwiritsa ntchito, ndipo makampani a eni nthaka anakalitsutsa lamulolo ku khothi. Mayiwa sanalipire marriage value ngakhale paundi imodzi, choncho chachikulu chimene lamulo latsopanolo likuchotsa iwo sichinawakhudze n'komwe. Akanadikira, akanalowa pansi pa zaka 80 akudalira lonjezo lopanda tsiku, banki ili pakhomo. Munthu amene lizi yake ili kale pa zaka 60 kapena 70 ndipo sakufuna kugulitsa posachedwa, nkhani yake ndi ina, ndipo ameneyo ndimakhala naye pansi nthawi yaitali tisanasankhe. Wotere ayambe wafunsa ku Leasehold Advisory Service, kumene malangizo oyamba ndi aulere. Koma wa zaka 81 kapena 82 sindimuuza kuti adikire.

Kalata yotsimikiza ya ku Land Registry itafika ndinawatumizira kope. Pa mzere wa zaka panalembedwa kuti lizi ikutha mu 2193. Bambo aja anali atabwerako ku Blantyre, ndipo anabwera onse awiri kudzatenga mapepala enieniwo. Mayi anafunsa ngati chikalata cha lizi yakale angachitaye. Ndinati ayi, achisunge pamodzi ndi chatsopanocho, chifukwa chatsopanocho chimaloza ku mfundo za m'chakale, ndipo wodzagula fulatiyo adzafuna kuona zonse ziwiri. Anazipinda bwinobwino n'kunena kuti zikalowa m'chitini chija.